Paipi, fanulo ndi miyendo ya amalume

Lachiwiri lapitali ndinagwira nkhalamba inzanga pakhosi pa malaya pakati pa msika wa Tsoka, munthu woti ngakhale dzina lake sindilidziwa. Anyamata ogulitsa nsapato za kaunjika pafupi ndi benchi yanga akuti ukalamba wandikwera kumutu. Asiyeni anene. Ine ndimakonza maambulera ndi mazipi, pakamwa pa anthu sindisoka. Koma nkhaniyi ili ndi kumene inachokera, ndipo kumeneko ndi kutali, ku Tete, nthawi ya Apwitikizi.

Kusukulu anandithamangitsa ndili Fomu 2. Ndinali woimba lipenga m'bandi ya sukulu, ndipo ndinkalidziwa, zimenezo ngakhale ahedi sakanatsutsa. Tsiku lina kunabwera mlendo wamkulu wa zamaphunziro. Anatisonkhanitsa pabwalo dzuwa lili paliwombo, ahedi n'kuyamba kulankhula. Analankhula za ukhondo, analankhula za mbiri ya sukulu, anafika mpaka pa agogo awo. Ine ndinazemba, ndinakaima kuseri kwa khitchini n'kuimba kanyimbo koitanira chakudya. Sukulu yonse inathamangira ku nyemba, pabwalo panatsala ahedi, mlendo uja ndi nkhuku za aphunzitsi. Mpaka lero ndimati nyembazo zinali zitapsa kale, ine ndinangothandiza.

Amayi, amene ankagulitsa nkhuni ku Kawale, analira mpaka maso kutupa. Kwathu mwana akavuta mlandu ndi wa amalume ake, ndipo zinangochitika kuti amalume a Yotamu, mlongo wawo wa amayi, anali atabwera kutchuthi kuchokera ku mgodi wa malasha wa kufupi ndi Tete. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa chipewa cha khaki chimene kwathu kuno ankachivula m'tchalitchi mokha. Anamvetsera nkhani ya nyembayo osamwetulira n'komwe.

"Ndipatseni mwanayu, mlongo," anatero. "Kumene ndikupita nayeko kulibe munthu woseka."

Ine ndinkayesa akungondiopseza.

Tinakwera basi mpaka ku Dedza, kenako lole ya mbatata, kenako lole ina yonunkha zikopa. Tikamatsika, kutentha kumakwera, mpaka ndinayamba kuganiza kuti amalume akukandipereka kumoto ndisanafe. Ku komboni tinkagona pa mabedi a simenti osanjikizana, nsikidzi zake zonenepa kuposa eni mabediwo. Chakudya chinali ufa wachikasu ndi nsomba zouma zimene ndikukhulupirira zinafa Apwitikizi asanabwere. Munali Anyungwe, Asena, Angoni a ku Angoniya, ndi ife ochepa ochokera kuno. Amalume anali kapitawo wa gulu lokankha ngolo pansi pa mgodi, ndipo anali atakhalako kuyambira ine ndisanamere mano. Ine anandiyang'ana nthiti n'kunena kuti pansi sindingakwanitse, ndiye anandiika kotsuka malole, limodzi ndi mnyamata wa Chinyungwe dzina lake Zuze. Zuze ndiye anandiphunzitsa kutukwana m'Chipwitikizi ndi kudya masawu osalavula njere pamaso pa mzungu.

Malipiro anga sindinkawagwira. Amalume ankalandira okha n'kutumiza kwa amayi, ndipo kalata ikabwera yonena kuti agula malata angapo, ankandiwerengera ngati akundiwerengera chigamulo. Ndikapempha ya fodya ankandiuza kuti fumbi la malasha ndi laulere, ndizikoka limenelo.

Za kulibe woseka zija sanali kunama. Mu ofesi iliyonse, m'kantini, ngakhale m'kachipinda kobayira jekeseni, munali chithunzi cha mkulu wa ku Lisiboni, nkhalamba ya milomo yopyapyala yooneka ngati yangomva fungo loipa. Ndili komweko anachitsitsa n'kupachika china cha munthu wa magalasi, koma msomali unali womwewo. Amuna atatu akaima pamodzi unali msonkhano, ndipo msonkhano unali mlandu. Akazitape anali paliponse, koma palibe ankadziwa kuti ndi ndani, ndiye aliyense ankaopa aliyense. Panali apolisi achikuda, tinkawatcha asupayi, ndipo pamwamba pawo panali azungu ena osavala yunifomu, oyenda pa jipi. Munthu akakwera jipi imeneyo, bedi lake linkapatsidwa kwa wina tsiku lomwelo, ndipo dzina lake silinkatchulidwanso ngakhale popemphera.

Koma chimene chinandizunguza mutu kuposa zonse chinali mbendera. Inali pa mlongoti pakati pa bwalo, kutsogolo kwa ofesi. M'mawa poikweza ndi madzulo poitsitsa, msupayi wina ankaimba lipenga, ndipo lipengalo likangolira, chamoyo chilichonse chinkayenera kuima pomwe chili, chipewa m'manja, zidendene pamodzi, nkhope ku mlongoti, mpaka lithe. Ndinaona mayi ataima ndi ndowa pamutu madzi akumutsikira m'khosi. Ndinaona bambo atatuluka m'chimbudzi n'kuima njo, buluku ali nalo m'manja. Ndipo si akuda okha. Kunali makaniko wachizungu amene tsiku lina anayatsa ndudu lipenga lili mkati, mzungu mnzake anakamunenera, jipi inabwera. Kuyambira pamenepo azungu ankaima mowongoka kuposa ife, aliyense akuyang'ana mnzake ndi kona ya diso. Mbuzi zokha ndizo zinali ndi ufulu ku Tete.

Ine mbalamatodya ndinailawa chifukwa cha mbendera yomweyo. Mbalamatodya ndi thabwa lokhala ndi mabowo, lomenyera m'manja, ndipo mabowowo amayamwa mnofu. Madzulo ena lipenga likulira, njuchi inalowa m'kabudula wa msupayi wamkulu amene anaima patsogolo panga. Munthuyo sakanatha kusuntha. Ndinaona matako ake akuvina okhaokha, misozi ikutsika, sawasha ali chiimire. Ndiuzeni inu, mukanatani? Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Manja anga anatupa ngati mabanzi, amalume anawaviika m'madzi otentha amchere osanena mawu achitonthozo ngakhale amodzi. Anangoti anandiuza kale. Koma kunena zoona, matako aja akanabweranso ndikanasekanso.

Manja atapola, milomo inayamba kundiyabwa. Kotsuka malole kunali zidutswa za paipi ya madzi zotayidwa, kunalinso fanulo yakale yothirira mafuta. Aliyense amene anagwirapo lipenga amadziwa kuti lipenga ndi paipi chabe yokhala ndi kukamwa kotambalala. Ndinadula paipi kutalika kwa mikono iwiri, ndinalowetsa fanulo kumapeto, ndipo Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ine ndi Zuze tinatulukira pachibowo cha waya wa mpanda chimene chinali kuseri kwa thanki yotsukira, n'kutsetserekera kukhwawa la bango. Nditaiyesa, Zuze anagwa chagada. Akuti inkamveka ndendende ngati lipenga la msupayi, kungoti yanga inali ndi chimfine pang'ono.

Amalume anatipeza komweko, sindidziwa anamva bwanji. Anandikoka khutu kuchokera kukhwawa mpaka pachibowo chija, ndipo pachibowopo anandimenya ndi lamba, akuti chikwapu chimodzi cha paipi, china cha chibowo. Ananena kuti ndikufuna kuphetsa komboni yonse. Atatopa anapuma, n'kunena kuti ndiponso ndikuphonya, pothera pa nyimboyo ndikukweza kwambiri. Analamula kuti ndikaitaye. Ndinakaibisa m'tayala lakale la lole.

Amalume anali ndi chinthu chimodzi chokha chimene ankachikonda poyera, kawailesi kakang'ono ka mabatire. Amayi awo, agogo anga, anamwalira iwo ali ku mgodi, ndipo uthenga unawapeza manda atamera kale udzu. Kuyambira pamenepo anagula wailesiyo kuti azimvera mauthenga a maliro ochokera kwathu. Ankaiika pakhutu, mawu otsitsa, akumvetsera maina a anthu akufa a ku Dowa ndi ku Ntcheu amene sankawadziwa n'komwe. Koma nthawi imeneyo nkhondo ya anyamata a m'tchire inali itayandikira, ndipo iwonso anali ndi wailesi yawo yolankhula kuchokera kunja. Wina, kaya ankafuna ukapitawo, kaya ankangofuna kuti jipi ikabwera isatenge iyeyo, anakawanenera amalume kuti Mnyasa uja amamvera zigawenga.

Jipi inabwera masana, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndi Zuze tinali kutsuka lole pafupi ndi thanki. Tinaona asupayi awiri akubwera ndi amalume kuchokera kukamwa kwa mgodi, akuda bii ndi malasha, wina atanyamula kawailesi kaja m'khwapa. Sanawamange n'komwe. Munthu wofatsa ngati ameneyo ankadziyendera yekha, ndiye anangowaimika pambali pa jipi, azungu awiri a jipiyo n'kukwera pakhonde la ofesi kukalankhula ndi bwana wa mgodi.

Ndinayang'ana pamene anaima amalume, ndinayang'ana thanki. Sipanali patali, mwana woponya mwala akanafikitsa. Kuseri kwa thanki chibowo, kuseri kwa chibowo khwawa, ndipo m'bango lija ngakhale galu akanasochera. Chibowocho ankachidziwa, poti anandimenyerapo. Lipenga langa ankalidziwa, poti analidzudzula. Chimene chinkasowa chinali kanthawi kochepa koti maso onse ayang'ane kwina. Amalume anatembenuka, maso athu anakumana, ine ndinaloza kuthanki ndi mlomo. Ndikulumbira kuti anaona.

Zuze anandigwira mkono nditalowetsa dzanja m'tayala muja. Anati ndapenga, anati andipha. Ndinamuuza kuti apitirize kutsuka, iye sanaone kanthu. Ndinagwada kuseri kwa lole, ndinanyambita milomo, ndinaimba.

Abale anga, ndakhala zaka zambiri padziko, ndaona zinthu, koma chokoma ngati chimene ndinaona posuzumira pansi pa lole ija sindinachionenso. Mgodi wonse unauma. Okankha wilibala anaima, ophika anaima ndi zipande m'manja. Asupayi awiri aja anatembenukira ku mlongoti, mfuti pambali, msana kwa amalume. Pakhonde azungu atatu anavula zipewa. Onse ankadziwa kuti ino si nthawi ya mbendera, dzuwa linali pamutu, pa mlongoti panalibe munthu wogwira chingwe. Koma ndani ayambe kunena? Bwana wa mgodi ankayang'ana a jipi, a jipi ankayang'anana okhaokha, aliyense akudikira kuti mnzake asunthe kuti akamunenere. Ndipo msupayi woimba lipenga uja anatuluka m'kanyumba kake chakudya chili m'kamwa, lipenga lenileni lili m'manja mwake, naye n'kuima njo, kulemekeza paipi yanga.

Boma lonse la Apwitikizi, ndi mfuti zake, ndi jipi yake, ndi chithunzi chake, linaima chifukwa cha mwana wa ku Kawale wothamangitsidwa Fomu 2. Nyimbo itafika kumapeto ndinaibwereza osapumira. Kenako ndinayang'ana kujipi kuti ndione fumbi la amalume.

Anali pomwepo. Chipewa cha khaki pachifuwa, zidendene pamodzi, nkhope ku mlongoti. Pabwalo lonselo panalibe munthu woima mowongoka kuposa iwo.

"Aima," ananong'ona Zuze, nayenso ali chiimire ndi chisanza m'manja. "Amalume ako aima."

Ndinafuna kukuwa kuti thawani, koma pakamwa panali paipi, ndipo ndikanaichotsa asupayi akanatembenuka. Ndinaimba mokweza, ndinaimba mophonya dala kuti amve kuti ndine, ndinaimba mpaka milomo inachita dzanzi ndipo m'maso munayamba kuda. Sanasunthe ngakhale chala. Mpweya utandithera panakhala bata, kenako mzungu wina anakuwa, nsapato zinayamba kuthamangira kumalole. Chibowo chimene ndinakonzera amalume ndinatulukirapo ndine.

Za ulendo wobwerera sindinena zambiri. Ndinayenda m'makhwawa ndi m'minda, ndinadya chinangwa cha eni ake, amayi ena a ku Angoniya anandibisa m'nkhokwe n'kundilozera njira ya ku Dedza. Njira yonseyo sindinkalira, ndinkatukwana. Ndinkatukwana m'Chichewa, zikatha ndinkayamba za Zuze zija.

Lilongwe ndinamupeza wina. Kutsidya, kutchire kumene tinkakumba mbewa, kunali makatapila, akuti likulu la dziko likusamukira kuno. Kunyumba malata aja analidi padenga, koma pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha malemu abambo, panali chithunzi china chachikulu cha mwini dziko lino. Achimwene anga a Gidiyoni, amene ndinawasiya akuweta nkhunda, anali atavala malaya a chipani, ntchito yawo kuima pachipata cha msika kufunsa amayi makadi. Nditayamba kufotokoza za paipi, ndisanafike n'komwe pokoma, anadzuka n'kutseka zenera. Anati boma lathu ndi Apwitikizi akumwera limodzi tiyi, ndiye nkhani yonyoza mbendera ya anzathu ndikaikambire kumanda, apo ayi tikagona kundende banja lonse. Amayi anandiyang'ana pakamwa.

"Unapita ndi mlongo wanga," anatero, "wabwera ndi milomo yotupa."

Ndinayesa kuwauza kuti ine mbali yanga ndinachita, ndipo ndinaichita bwino, koma anatuluka kukawaza nkhuni. Tangoganizani, chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ndinachitapo, ndipo panalibe ngakhale munthu mmodzi womuuza. Ndinalowa ganyu yonyamula njerwa ku City Centre, kumene mabanki ankamera ngati bowa. Mdipiti wa galimoto za mwini dziko ukamadutsa ankatitulutsa kukaima m'mbali mwa msewu kuomba m'manja, dzuwa lonse. Ine ndinkaomba mochedwa pang'ono kuposa anzanga, dala, kuti mtima ukhaleko pansi. Kumeneko ndiko kunali kupanduka kwanga konse, ndipo palibe anazindikira, zimenenso zinkandipsetsa mtima.

Amalume anabwera Apwitikizi atapakira. Tinali titawalira kale. Anatsika basi ali ndi mano ochepa, zala zosapindika bwino, ndi chipewa chomwe chija. Za kumene anali sananene, ifenso sitinafunse. Bambo wina wa ku Rumphi wogwira ntchito ku Capital Hill, amene ankapemphera nawo, anawalemba ulonda kunyumba kwake ku Area 10, ndipo anawasunga bwino mpaka imfa. Lamulungu lina masana ndinapita kukawaona. Tinakhala pa njerwa pageti, tikudya nzimbe, iwo akuvutika nayo chifukwa cha mano. Funso linali litandikhala pakhosi zaka zonsezo, ndiye ndinangolilavula.

"Amalume, tsiku lija simunadziwe kuti ndine?"

"Ndinadziwa utangoyamba. Pothera paja umakweza kwambiri, ndinakuuza kukhwawa."

"Chibowo chija munachiiwala?"

"Ndingachiiwale bwanji poti ndinakumenyerapo?"

"Nanga munaimiranji?"

Anayang'ana mapazi awo nthawi yaitali, ngati ndi a munthu wina amene wawasiya pageti.

"Mutu unadziwa kuti ndi paipi, mphwanga. Miyendoyi ndiyo panalibe woiuza."

Ndinkayembekeza kuti mwina anena zikomo, kapena aseke pang'ono za msupayi wa chakudya m'kamwa uja. Ayi. Anatafuna nzimbe, n'kunena kuti komabe kuseweretsa lipenga la boma ndi mwano, ndipo ndikapepese kwa Mulungu. Ndinaponya nzimbe yanga m'ngalande, ndinayenda wapansi kuchokera ku Area 10 mpaka ku Kawale ndikulankhula ndekha. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Pamaliro awo ndinanyamula nawo bokosi, ndinalira kuposa ana awo, koma mkwiyo uja sunalowe nawo m'manda.

Masiku ano nkhaniyi ndikhoza kuikamba mokweza, palibe wotseka zenera, koma omvera ndiwo asowa. Adzukulu anga amati eya agogo, maso ali pafoni. Anyamata a nsapato aja amati madala mukutinamiza, paipi singalire ngati lipenga. Ndiye Lachiwiri lija ndinatopa nawo. Ndinapempha kachidutswa ka paipi kwa wogulitsa zamipope, ndinabwereka fanulo kwa mayi wa mafuta ophikira, ndinanyambita milomo. Mano atha koma milomo ikukumbukira. Msika unaphulika ndi phwete. Ena ankati kuli mpira, ena ogulitsa m'mbali mwa msewu anayamba kukulunga katundu poyesa kuti akubwera olanda malonda. Ndinkasangalala kwambiri, mpaka ndinayang'ana kunjira yotsikira kumtsinje.

Kunali nkhalamba, yamsinkhu wanga kapena kuposa, imene imabweretsa tomato Lachiwiri lililonse. Inali itatula dengu pansi pakati pa njira. Chipewa pachifuwa, zidendene pamodzi, maso akusakasaka mlongoti pamwamba pa malata a msika. Anthu ankaigunda mapewa podutsa, wa njinga ankaiimbira belu, iyo njo.

Sindikudziwa kuti ndinafikako bwanji ndi bondo langali. Ndinangozindikira ndaigwira malaya, ndikuigwedeza, ndikuikalipira kuti thawani bambo, mwaimiranji, ndi paipi iyi, ndi paipi ya madzi. Anyamata anathamanga kudzatilekanitsa. Nkhalambayo sinakwiye, sinandiyang'ane n'komwe. Inangofunsa chapansipansi, ndi kalankhulidwe kaja ka ku Tete, milomo yokha ikuyenda.

"Yatsika?"

Ndinaisiya malaya. Ndinaiuza kuti mbendera inatsika kalekale, eni ake anapita nayo kwawo. Inagwedeza mutu mwaulemu, inavala chipewa, inasenza dengu lake n'kumapita.

Anyamata akuti ndibweze fanulo ya eni ake ndipo ndisiye kuvutitsa okalamba. Fanuloyo ndagula yanga. Paipi ili pansi pa benchi, pakati pa maambulera othyoka. Bambo amene uja amadutsa pano Lachiwiri lililonse, ndipo Lachiwiri lililonse ndiziimba, kaya msika unditukwane, mpaka tsiku limene miyendo yake idzamve n'kungodutsa.